Kabokosi Koyera Kadakwera Ndege

Chawezi adagwira mashifiti a usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Wakefield mpaka mkazi wake Stella adayamba kumupatsa moni wa mlendo. Ndiye tsiku limene Shirley, bwana wa pamalopo, adamuuza kuti ayesere kwa mwezi umodzi ntchito yosangalatsa nkhalambazo, ya masana okhaokha, Lamlungu osagwira, mwamunayo adayenda ngati wawina chisankho. Akakhoza, ntchito ndi yake. Akalephera, abwerere kokatembenuza anthu pabedi anzake ali m'tulo.

Ntchitoyo inalibe zambiri. Pabalaza panali kabokosi koyera ka magemu, kakalekale, kofiirira m'mbali ngati mano a wosuta chingambwe. Gemu yake inali imodzi: umagwira kandodo, n'kuponya mkono ngati ukugubuduza mpira, pa TV mabotolo n'kugwa. Basi. Koma a Ken, mdala amene adakalambira m'migodi ya malasha, woti sakumbukira ngati wadya, ankakumbukira bwinobwino kuti Lachiwiri adawakwapula mayi Thompson.

Chawezi kabokosiko kankamuchititsa manyazi. Paja munthu wa kwathu akamagula chinthu amayamba wachinyamula kuti amve kulemera, kenako n'kufunsa za injini. Pa intaneti adapeza makina otchedwa Torvex, amphamvu kuposa onse, mtengo atautsitsa kwambiri. Sadafunse kuti nkhuku yonenepa chotere ikutchipiranji.

Shirley adavomera kugula. "Kakaleko kaponye m'bini," adatero.

M'bini? Chinthu choti chikuyaka? Azungu ena Mulungu aziwakhululukira. Sabata yomweyo nesi wina wa kutchalitchi kwawo ankanyamuka pa Manchester kupita kumudzi, ndipo mukudziwa kuti wopita kumudzi sanyamula zake zokha. Chawezi adakakulunga m'thaulo, n'kulembapo dzina la mlamu wake Percy, mlongo wake wa Stella, wa ku Area 25. Ndi pulagi yomwe ndi yofanana ndi ya kwathu, ndiye akadataya bwanji?

Torvex itafika, adasonkhanitsa onse pabalaza. Chimakina chakuda, chouluma ngati filiji ya m'golosale. Pa TV padatuluka msilikali akukwawa m'dambo.

"Mabotolo anga ali kuti?" adafunsa a Ken m'Chingerezi chawo chija chomeza theka la mawu.

"Taonani kaye udzuwo, a Ken. Tsamba lililonse likuoneka!"

"Udzu ndimauona pawindo, mwana iwe. Mabotolo."

Mayi Thompson adapatsidwa chogwirira cha mabatani ngati chowulutsira ndege. Adadina limodzi, msilikali adadziphulitsa yekha. Adachiika pambali pa kapu ya tiyi n'kupempha kuti awabwezere kuchipinda.

Mukuka, mnzake wa ku Zambia amene ankakankha mayiwo pa njinga ya olumala, adabwerako akupukuta misozi ya kuseka.

"Ba Chawezi, imwe simunakwelepo minibasi? Mukafika pa siteshoni mukwela iti, yanyowani ilibe bantu, olo chiphapha chamene chasala bantu babili chabe?"

"Zikukhudzana bwanji ndi zimenezo?"

"Bana banga banakana ichi chintu olo cha mahala. Bopanga magemu sibangapangile makina yamene palibe wagula. Bantu nabo sibangagule makina yalibe magemu. Aliyense ayembekeza munzake ayambe kukwela. Manje imwe mwakwela mweka, munkale pa windo."

"Koma mphamvu zake, achimwene, mukadawerenga..."

"Mphamvu! Ndani anayendapo ku ukwati chifukwa jenereta ni ikulu?"

Chawezi adaimbira kusitolo. Wogulitsa adamuyankha mwaulemu wopsetsa mtima uja kuti gemu ya mabotolo pa Torvex kulibe, sidakhaleko, ndipo siidzakhalako, poti kampaniyo idasiya kupanga makinawo. Nanga kubweza? Zotsitsidwa mtengo sabweza. Adamufuniranso tsiku labwino, tangoganizani.

Pabalaza padazizira. Nkhalamba zidanyanyala ngati aphunzitsi osalandira, aliyense phee m'chipinda mwake. Mwana wa mayi Thompson adalemba dandaulo. Shirley adamuitana Chawezi mu ofesi.

"Kakale kaja udakaika kuti?"

"Mudati ndikataye."

"Ndipo udakataya?"

"Kali... patali pang'ono."

"Pofika Lachisanu mabotolo azigwa, apo ayi ndiika wina."

Chawezi adakwera sitima kupita ku Leeds, n'kuzungulira m'masitolo a zakale mvula ikumunyowetsa, mpaka adakapeza kena kofanana ndendende. Adakalumikiza, mabotolo adaima mzere, iye n'kupuma. A Ken adabwera ndi ndodo yawo, adayang'ana pa TV nthawi yaitali.

"Uyo ndani?"

"Ndinuyo, a Ken."

"Ine ndili ndi magalasi. Ndili ndi dazi. Zigoli zanga zili kuti?"

Apa m'pamene Chawezi adadziwa kuti m'kabokosi kakale muja aliyense adali ndi kamunthu kake kofanana naye, ndi zigoli za zaka zonse. Mudalinso timaanthu ta anzawo amene adatisiya kale, toima kumbuyo n'kumaombera m'manja. Chawezi adati awapangire a Ken kamunthu kena katsopano, dazi ndi magalasi omwe.

"Ndiyambirenso pa ziro? Pa msinkhu uno? Ndifanane ndi Thompson?" A Ken adatembenuka, ulendo.

Panalibenso kuchitira mwina koma kuimba kumudzi. Percy adayankha pa vidiyo ali m'kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba, phokoso ngati pa Chigwirizano tsiku la msika.

"Alamu! Mwatitumizira mgodi! Ana akuima pamzere kuyambira akaweruka. Magetsi akazima amakhala pompo kudikira."

"Alamu, tamverani. Kabokosiko kakufunika kabwerere kuno. Pali wina akunyamuka Lachitatu."

"Netiweki ikuvuta, alamu."

"Mwandimva bwino!"

"Mphatso imabwerera? Kwanu ku Rumphi mumatero? Komanso ana angandiphe. Onse amalimbirana mdala wadazi uyu, Ken. Palibe wamupitirira zigoli. Wina wameta mpala dala."

Chawezi adatseka maso. "Chabwino, tisinthane. Ndikutumizirani makina atsopano, amphamvu kuposa onse ku Ulaya kuno."

"Muli mabotolo?"

"Muli asilikali. Udzu wake umaoneka tsamba lililonse."

"Udzu tili nawo, alamu. Khalani nawoni." Adakuwira mwana wina kuti asiye kumenyetsa kandodo kudenga, foni n'kuduka.

Lachisanu Shirley sadachulutse mawu. Ntchito ya masana adaipereka kwa Mukuka, amene adangobwera ndi makadi a njuga ndi wailesi, nkhalamba n'kutuluka m'zipinda ngati ngumbi. Torvex idakwezedwa pamwamba pa kabati. Dzina la Chawezi lidabwerera pa usiku kuyambira Lolemba.

"Musadandaule, mudala," adatero Mukuka pomuperekeza pakhomo. "Na kampani yamene inapanga ija makina inali na ma digiri."

M'basi monse Chawezi ankakonza mawu oti akamuuze Stella: ayambe ndi kampani yosakhulupirika, kenako a Ken ndi mtima wawo wa mwala, za Lamlungu azitchule kumapeto. Adamupeza kukhitchini foni ili kukhutu, akuseka.

"Eya, afika kumene. Ndiwauza, achimwene." Adaphimba foni ndi dzanja. "Bambo a Alinane, achimwene akuthokoza kwambiri. Akuti kandodo kamodzi kathyoka, ndiye kuntchito kwanuko mukaone ngati kuli kena koti akufuna kutaya."