Kaseti Inapita kwa a Maliko

Ndinagwada pakhonde pa a Maliko mpaka mawondo kuchita dzanzi, iwo akutokosa m'mano ndi kamtengo. A Maliko ndiwo eni mabwato, injini ndi makoka atatu a chilimira kuno ku Chia, ndipo mwana wanga Raston wawakokera chilimira zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano patha masabata atatu iwo atamuletsa kukwera bwato.

"Mayi a Raston, dzukani," anatero. "Si matipate awa? Iye ali ndi ufulu wolankhula, ine ndili ndi ufulu wa bwato langa."

Inu a Paison, amene ndikukulemberani kalatayi, mukudziwa pomwe zinayambira. Munabwera chaka chatha, chisankho chitangotha, muli ndi azungu awiri ndi kamera. Munati mukujambula filimu yofotokoza chifukwa chake ena amalemera ena n'kumasaukirabe, kuyambira nthawi ya minyanga ndi akapolo. Munamuimika Raston pamchenga n'kumuuza kuti, "Lankhulani achimwene, zoopa zinatha." Iye analankhuladi. Anati okoka ndi anthu khumi, koma ndowa zambiri za nsomba zimapita kwa munthu amene sanyowa ngakhale chidendene. Munawomba m'manja, ine n'kukuphikirani mpunga.

Kenako, mwa ulemu wanu, munatumiza kaseti ya filimuyo kuti mudzi udzionere. Munaitumiza kwa yani? Kwa amene ali ndi vidiyo ndi jenereta. M'mudzi muno alipo mmodzi yekha.

A Maliko anaionetsa Loweruka masana m'shedi mwawo, polowa n'kulipira. Itafika pa Raston anaimitsa, n'kubweza, n'kubwezanso. Anthu anaseka. Akanatani? Onse amene anali m'menemo amadyera mabwato omwewo.

Raston wayenda kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa kufuna malo pa bwato lina. Kulikonse amamufunsa kuti, "Si iwe wa mufilimu uja?" Mkazi wake Laila wayamba kuphikira ana chinangwa chosakhwima cha m'munda mwanga, ndipo sichifika mwezi wamawa.

N'chifukwa chake ndinagwada. Ndinati, "Bwana, mutukwaneni, mumenyeni ngati mukufuna, ndi mwana wanu. Koma ana aja sanalankhule mufilimu."

Analavula kamtengo kaja. "Azungu akewo amugulire injini. Apo ayi, abwere ndi kamera yomweyo, aime pamchenga pomwepo, anene kuti ananama. Ndikaonetsa kaseti imeneyo m'shedi, akwera."

Nditamuuza Raston, anakhala pansi. Kenako anati, "Amayi, ndinena."

Ndiye mwamva. Mwana wanga ananena zoona kamodzi, ndipo tsopano wakonzeka kunama kuti ana ake adye. Chasowa ndi kamera, ndipo ili kwa inu. Musanditumizire kalata yopepesa, sindiiphika. Bwerani nyengo ya usipa isanathe. Ngati bodzalo likukuchititsani manyazi, bwerani ndi china chimene ana angadye. Ndipo ulendo wina mukamajambula osauka, muziyamba mwafunsa kuti vidiyo m'mudzimo ndi ya yani.