Nkhuku ya a Jethro

Jesca, mphunzitsi wa masamu ku Chiparamba, tsidya lina la malire a Malawi, anathyoledwa nsagwada kunja kwa dziko. Anthu akamva choncho ankaganiza za ku Joni, ndipo ankakhumudwa pang'ono akauzidwa kuti kunjako ndi ku Mchinji, komwe munthu umapita m'mawa n'kubwerako mbuzi zisanalowe m'khola. Koma botolo linamugwera ku Malawi, ndiye mlandu unali wa ku Malawi.

Zinachitika pa ukwati wa mnzake wa ku koleji. Mnyamata wina, Lemmy, anamupempha kuti avine naye. Jesca anakana. Anapemphanso, anakananso, ndipo kachitatu Lemmy anapempha ndi botolo la mowa. Madokotala anamumanga mano ndi waya, koma atauchotsa nsagwada inapezeka italumikizika mokhota, moti anamuletsa kutafuna mpaka adzamuchitenso opaleshoni. Kuyambira pamenepo Jesca ankayenda ndi fulasiki ya phala lamadzimadzi kulikonse, ngati mayi wa khanda amene khanda lake ndi iye mwini.

Mlandu unaimitsidwa kangapo. Ochitira umboni a pa ukwati paja anayamba kuiwala mmodzimmodzi, ena mpaka kuiwala kuti kunali ukwati. Mayi wapolisi woimira boma anamuimbira Jesca n'kumuuza mosabisa kuti watsala yekha: akapanda kulankhula Lachinayi masana, Lemmy azipita kwawo akuimba mluzu.

Anamuperekeza ndi atate ake, a Wilbroad, mphunzitsi wopuma pantchito, wokulira pa mishoni ku Tamanda, mkulu wa mpingo amene anali asanalowepo m'lesitilanti chibadwire. Kwa iwo, mkulu wa mpingo akakhala paulendo amadya kwa mkulu mnzake. M'lesitilanti mumadya madalaivala ndi anthu odulidwa mu mpingo. Ku Mchinji anali ndi mnzawo, a Jethro, amene anakumana nawo pa msonkhano wa makwaya zaka zapitazo. Anawaimbira foni, nawafotokozera zonse: tsiku, nthawi, ngakhale dzina la chigawengacho. A Jethro anati zimenezi n'zomvetsa chisoni, ndipo asayerekeze kukadya kwina.

Anadutsa malire pa Mwami dzuwa lisanatenthe, a Wilbroad atavala jekete ya Mgonero. Kwa a Jethro anawalandira ngati abwera kudzafunsira mbeta. Amayi Magalita, akunyumba kwa a Jethro, anali atapha tambala wamkulu, ataphika mpunga wonunkhira, ndipo anaika nthutumba m'mbale ya a Wilbroad ndi manja awiri. Pemphero linatenga nthawi yaitali, ndipo Jesca anaona kuti mawu oti kukhululukirana akubwerezedwa kuposa mmene nkhuku imafunira. Anakana mbale mwaulemu, n'kuloza nsagwada yake, n'kutsegula fulasiki. Amayi Magalita anamuumiriza kuti angolawa msuzi. Anati dokotala analetsa. Anamupatsa tiyi. Anati ali ndi phala. Atate ake anadya za anthu awiri, akuyamikira kuti nkhuku za ku Malawi zikadali ndi mwambo.

Mafupa atasanjikana m'mbale, a Jethro anaitana wa madzi osamba m'manja. Analowa chogwada, beseni m'manja, thaulo paphewa, maso pansi. Anali Lemmy, amene anali kunja pa belo.

Jesca anatseka fulasiki yake. Anayang'ana kaye manja a Lemmy, kenaka chitseko.

A Jethro anafotokoza mofatsa kuti mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wawo, iwo ndiwo malume ake, ndipo mbumba yonse ili pamutu pawo. Anati Satana anamulowera pa botolo, koma tsopano anasiya mowa ndipo amaimba besi mu kwaya. Sanapemphe kanthu. Anangoti poti tsopano adyera mbale imodzi, sakuona chifukwa choti nkhani ya m'nyumba ikamvedwe ndi anthu akunja.

A Wilbroad anali atatambasula kale manja pa beseni. Anayang'ana manjawo, onona mafuta mpaka m'zikhadabo, nayang'ana mafupa aja ngati angawabwezeretse pa tambala. Kenaka anasamba, poti kukana madzi kukanakhala kuonjezera mwano pa ngozi.

Panjira yopita ku khoti, a Jethro ndi mphwawo ali patsogolo, a Wilbroad anayamba ulaliki wonong'ona. Anati nkhaniyi yavuta. Anati munthu sungatuluke m'nyumba ya mnzako m'kamwa muli nyama yake n'kukamangitsa mwana wake. Anati zikamveka ku Tamanda, anthu adzati Wilbroad anadya nthutumba masana n'kupereka mwini wake kwa Pilato madzulo. Anatchulanso Yosefe ndi abale ake, ngakhale Jesca sankakumbukira kuti Yosefe anathyoledwa nsagwada.

"Mwana wanga, tadya," anatero pomaliza. "Palibe chochita. Tadya."

"Atate, ine mwandiona ndikutafuna?"

"Unali pa tebulo."

"Ndi fulasiki yanga. Phala la ku Chiparamba, chimanga cha m'munda mwanu. Ngakhale madzi ao sindinamwe."

A Wilbroad anaima pakati pa msewu mpaka wa kabaza anawaimbira belu. Iwo ndi amene anamuphunzitsa mwanayo masamu, ndipo anaona kuti samuyi ilibe polakwika. Lamulo limagwira wodya. Anayesa kulizunguliza, kuti mwana amadya kudzera mwa bambo ake, koma anazindikira okha kuti zimenezo sizili m'Baibulo kapena m'mwambo.

"Nanga ine?" anafunsa.

"Inu musakachitire umboni, atate. Kunalibeko inu ku ukwati kuja."

M'khoti munali motentha, ndipo majisitireti anali mayi wooneka kuti wamvapo kale za Satana wa m'botolo kambirimbiri. Woimira Lemmy anaimirira msanga n'kunena kuti mabanja awiriwa agwirizana, moti lero lomwe adyera limodzi, ndipo bambo a wodandaula ali pompano, angavomereze. Maso onse anapita kwa a Wilbroad, amene anamira mu jekete yao mpaka makutu. Majisitireti anafunsa Jesca ngati n'zoona kuti wadya kwa woimbidwa mlandu n'kumukhululukira.

"Amayi, ndikanakonda kudya," anatero Jesca, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa. "Inkanunkhira bwino. Koma amene akuti anandidyetsayo ndi amene anandichotsera chodyera."

Wina kumbuyo anaseka, wapolisi n'kumuyang'ana. Majisitireti anafuna kudziwa kuti zatheka bwanji kuti munthu wa pa belo, woletsedwa kuyandikira mboni, apezeke akuisambitsa m'manja. Jesca anawongola nkhaniyo, nati amene anasambitsidwa ndi atate ake. Majisitireti anati zimenezo sizikuchepetsa kanthu, ndipo belo inathera pomwepo. Kenaka Jesca anafotokoza za ukwati uja kuyambira pa nyimbo mpaka pa botolo, pang'onopang'ono, akupuma nsagwada ikatopa. Anamuonetsa majisitireti mmene kamwa lake limalekezera kutseguka. Lemmy anatsika masitepe a kuseri ndi apolisi, ndipo pa tsiku la chigamulo, patapita milungu, sanabwerere kwa malume ake.

Koma tsiku la nkhuku lija, potuluka m'khoti, a Jethro anadutsa a Wilbroad osawayang'ana, ndipo amayi Magalita ananena mokweza, akuuza mtengo wa mango, kuti tambala uja ankasungira Khirisimasi. A Wilbroad anakwera takisi yobwerera ku malire. Nkhope yao inkasintha mtundu pa bampu iliyonse. Atafika pa Mwami, asanadinditse n'komwe mapepala, anathamangira kuseri kwa lole ina, ndipo anakhalako nthawi.

Anabwerako akupukuta pakamwa ndi mpango, maso ali ofiira koma mapewa atawongoka.

"Nkhuku ija yatsala kwao," anatero.

Jesca anatsegula fulasiki, n'kuwathirira phala lotsala m'chivundikiro. Anamwa ataimirira pamzere, nafunsa ngati mulibenso lina.