Tasila ndi Basi Yochokela ku Lusaka

Tasila salowa m'nyumba ndi nsapato. Palibe anamuphunzitsa. Amavula pakhomo, n'kuziika pamodzi bwinobwino, kenako n'kulowa. Amatelo kuchalichi, kusukulu ya mkaka, ngakhale kuchimbudzi, kumene ndamukalipilapo kambili. Ali ndi zaka zinai. Bisiketi yothyoka sadya. Ukamulonjeza kanthu Lolemba, Lachisanu amakukumbutsa ndi mau ako omwe, n'kutchulanso chitenge chimene unavala tsikulo.

Ine ndine Vivian, amake. Ndimagulitsa nthochi pamsewu pa Nyimba, pamene mabasi amaima. Amuna anga a Abednego amalima thonje ku Ndake, kunyumba amabwela Loweluka.

Pamene ndinali ndi pakati, wotanganidwa anali Tasila. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankagunditsa pakamwa pamimba panga n'kunena, "Iwe, ndine Tasila. Ndapita. Osalila." Pasalaula, pamene amagulitsa zovala zakale, anasankha yekha kachipewa kachikasu, n'kukabisa m'chikwama chake cha kusukulu kuti makoswe asakaone.

Mu Juni ndinapita kuchipatala. Mwana anabadwa osapuma. Anali mwamuna. Mwana wotelo kwathu sachitilidwa malilo. Azimai akuluakulu amamutenga n'kukamuika okha m'dzenje losazama, ndipo iwe amakuuza kuti usalile, usamutchulenso, kuopa kutseka mimba. Sindinalile. Sikuti ndinali kumvela mwambo. Misozi kunalibe chabe.

Nditafika kunyumba, Tasila anandiyang'ana kumsana, anandiyang'ana m'manja, anatsegula chikwama changa.

"Mwana ali kuti?"

Mlamu wanga Perpetua, mlongo wa amuna anga amene anabwela kudzatiphikila, anayankha msanga. "Wapita ku Lusaka ndi basi. Adzabwela."

"Yekha?"

"Ndi anesi. Pita ukasewele."

Ndinamva zonse. Ndinali gone pamphasa, mabele atamangidwa ndi chitenge kuti mkaka uume. Ndinatembenukila kukhoma.

Patapita masabata atatu ndinabwelela pamsewu, chifukwa nthochi sizidikila munthu. Sukulu ikaweluka masana, aphunzitsi ake a Karen amamusiya Tasila patebulo panga, popeza ndi njila yao. Kale ankakhala pansi pa tebulo, kuphika miyala m'zitsekelelo za mabotolo. Tsopano ankakhala pamwala, nkhope italoza kumadzulo. Basi yochokela ku Chipata analibe nayo ntchito. Ikatulukila yochokela ku Lusaka, ife tikuthamanga ndi mabeseni kumawindo, iye ankaimilila pamwala paja n'kumayang'ana windo lililonse, kuyambila kwa dalaivala mpaka kumbuyo.

Tsiku lililonse ankasankha nthochi yaing'ono kuposa zonse.

"Iyi si yogulitsa. Ndi ya mwana."

Ankaiika m'chikwama, pamodzi ndi kachipewa. Chikwamacho chinayamba kununkha. Ndinkamva fungolo, osachitapo kanthu.

Agness, mnzanga wa tebulo loyandikana, ankamuseka. "Apongozi, mlendo wanu uja sanafikebe?"

"Basi inadzaza," Tasila ankayankha, nkhope ili gwa. "Abwela mailo, kukacha."

Azimai ankaseka, kenako akandiona ine n'kuyamba kukonza nthochi zokonzedwa kale.

Tsiku lina a Karen anaima pang'ono. "Amake Tasila, mwanayu akujambula mabasi okhaokha. Ndikati jambulani nyumba, iye basi. Ndikati mbuzi, basi ya mchila."

"Ndiye kuti amadziwa kujambula."

"Muuzeni zoona."

"Muuzeni ndinu, aticha. Ndinu ophunzila."

Masiku amenewo ndinkadya chifukwa nthawi yakwana. Ndinkamusambitsa Tasila monga mmene ndimatsukila beseni: kutsogolo, kumbuyo, kupukuta, kuika pambali. Akamalankhula ndinkaona pakamwa pakuyenda. Iye sanasiye kulankhula. Ankandiuza amene analila kusukulu, amene anakodzela pamkeka, ndi kuti Lusaka ili kuseli kwa phili, pafupi ndi kumene dzuwa limagona.

Lachinai lina mu Ogasiti, mphepo ikuponya fumbi m'maso, mabasi awili ochokela ku Lusaka anafika pamodzi. Tinathamanga tonse, uku manja akutuluka m'mawindo, uku okwela akutsika kukagula madzi. Atanyamuka, msewu unati zii.

"Amake Tasila," anatelo Agness, "apongozi anga ali kuti?"

Pamwala panalibe munthu. Pansi pa tebulo panalibe munthu. M'mphepete mwa tala, pamene panali chitseko cha basi yachiwili, panali nsapato ziwili zakuda, zoikidwa pamodzi bwinobwino.

Ndinazitola. Ndimakumbukila kuti ndinazipukuta fumbi ndi chitenge. Agness ndiye anali kukuwa, kugwila kumutu, kuitana Yesu. Kenako anakumbukila kuti ali ndi nambala ya kondakitala wa basi imeneyo, a Fabian, amene amamunyamulila katundu wa ku Chipata. Foni inakana kawili. Kachitatu inalowa, ndipo Agness anaika kuti tonse timve.

"Kamwana kopanda nsapato?" anatelo a Fabian. "Kali muno, kakhala pathumba la anyezi. Ine ndimayesa ndi ka amai awa onyamula khanda. Amai awa amayesa ndi ka ena. Iyayi, azimai a pa Nyimba, mwayamba kutumiza ana ngati nthochi?"

Anati amusiya pamphambano ya Petauke, kwa amai ogulitsa matikiti.

Ndinakwela minibasi. Ulendowo ndi wa ola limodzi ndi kanthu. Sindinapemphele. Ndinayang'ana nsapato pamiyendo panga, imodzi inali itayamba kung'ambika kutsogolo. Tili pakati panjila ndinaona kuti manja anga akuzipukutabe. Ndinawayang'ana ngati a munthu wina.

Ndinamupeza atakhala pabenchi, akudya chitumbuwa, mapazi ali mbuu. Kachipewa kachikasu kanali pabondo.

"Ndinu amake?" anafunsa amai a matikiti. "Mwana wanuyu ndi loya. Akuti anaona khanda pawindo, n'kulowa kukalitenga. Analiveka chipewa, analipatsa moni, kenako n'kulivula. Pano wandifunsa dzina langa, la amuna anga, ndi chifukwa chake ndilibe dzino ili."

Ndinawathokoza. Anabwelela kumatikiti ao.

"Amai," anatelo Tasila, "sanali wathu."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinamuuza kuti ndine Tasila. Anangondiyang'ana. Wathu amadziwa mau anga."

Anatenga nsapato m'manja mwanga, n'kuvala yekha, kumanzele ndi kumanja osasokoneza.

"Mailo tiyang'ane mu basi yobiliwila ija," anatelo. "Ija sindinalowemo."

Ndinamuyang'ana bwinobwino, mwina koyamba chichokeleni kuchipatala. Khosi linali litaonda. Tsitsi linali la masabata awili osaluka. Sanali kuopa chilichonse, ndipo ankanena zoona: mailo akanalowa mu yobiliwila. Yobiliwila siima pa Petauke, ndipo Agness alibe nambala yake.

Foni yanga inalila. Anali a Abednego, nkhani inali itafika kale ku Ndake.

"Mwamupeza? Mumukwapule pomwepo, asadzayambilenso."

"Ndimuuza za mwana."

"Iyayi, amake Tasila. Zimenezo sauza ana. Perpetua anati..."

"Perpetua sanatole nsapato pamsewu."

Ndinadula. Ndinakhala pabenchi, pafupi naye. Lole yonyamula thonje inadutsa, ndinadikila kuti phokoso lithe.

"Tasila, mwana wathu sali ku Lusaka. Anafa. Anabadwa osapuma, ndipo anamuika m'nthaka."

Anasiya kutafuna.

"Ngati galu wa a Stanislaus?"

Galu wa aneba athuwo anagundidwa ndi galimoto chaka chatha, ndipo Tasila anaonelela akumukwilila.

"Inde."

"Sadzabwela?"

"Sadzabwela. Ndi basi iliyonse."

"Anti ananama."

"Ananama. Inenso ndinamva, koma sindinakonze."

"Kunama n'koipa."

"N'koipa."

Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, miyendo ikugwedezeka pansi pa benchi.

"M'nthakamo akumva mphepo?"

"Samva kanthu."

"Ndiye chipewa sachifuna." Anachipinda kawili, n'kuchiika m'manja mwanga. "Sungani ndinu. M'chikwama changa muli nthochi zoola."

Analila mu minibasi, titadutsa kale theka la njila. Analila mokweza, pakamwa pali yasa, mpaka abambo ena anatembenuka kufunsa ngati akudwala. Ndinati iyayi. Ndinamuika pamiyendo, chitenge changa chinanyowa pachifuwa. Ine sindinalile. Tinafika dzuwa lisanalowe, ndinataya nthochi zija kudzala, ndinachapa chikwama, ndinamuluka tsitsi.

Perpetua atamva anati ndaononga mwana ndipo ndadzitsekela mimba ndekha. Ndinamuuza kuti mimba ndi yanga. Tasila anamuuza kuti ananama, n'kumukumbutsa kuti tsikulo anavala chitenge cha nsomba.

Tsiku lotsatila a Karen anamusiya patebulo monga mwa nthawi zonse. Anavula nsapato, analowa pansi pa tebulo, n'kuyamba kusonkhanitsa zitsekelelo zake. Yobiliwila itatulukila, sindinathamange ndi anzanga. Ndinaima ndi beseni m'manja. Tasila anasuzumila, anaiyang'ana mpaka itaima, kenako anabwelela kumiyala yake.

"Apongozi, lelo mwaphika chiyani?" anafunsa Agness.

"Nyemba. Sizinapse."

Basi itapita anatuluka, n'kufufuza m'beseni mpaka anapeza yaing'ono kuposa zonse. Anaisenda. Inathyoka pakati. Anayang'ana zidutswa ziwilizo, ndipo popeza Tasila sadya chothyoka, anandipatsa zonse.

"Idyani."

Anaima pamenepo, manja m'chiuno, mpaka nditameza. Inali isanapse bwino. Inandimanga lilime, ndipo ndinamuuza choncho.