Kachitsulo ka Chikuku

Makinawo anawatsitsa pa lole ndi zingwe, amuna anayi akubuula, koma atafika pakhomo la galaja makinawo anakana kulowa. Mwini wake, bambo amene onse ankawatchula kuti Adalaivala, anazula chitseko. Akazi awo ankaonera pawindo, ali pampando umene anakhalapo chithyokereni chikuku chawo.

"Abambo, mwagula mutu wa sitima?"

"Ndi makina osemera zitsulo, mayi. Umamanga chitsulo patebulo apa, mpeni ukuzungulira pamwamba, iwe n'kumayendetsa tebulolo ndi chogwirira ichi. Kachitsulo ka chikuku chanu kaja ndisema ndekha."

Kachitsuloko kanali kogwira tayala laling'ono lakutsogolo, kukula kwake ngati bokosi la machesi. M'masitolo kanasowa kalekale. Wowotcherera anakalumikiza, koma kanathyokanso pomwepo, amayiwo n'kugwera pasitepe. Mwana wawo wamkazi anagula chikuku chatsopano, koma chinali chachikulu, sichinkadutsa m'makomo opapatiza a nyumba yakaleyo. Ndiye amayi anangokhala m'chipinda, pakuti kunyamulidwa ngati thumba ankadana nako.

Bambowo anakalambira pachiwongolero cha basi, ndipo atapuma ntchito manja ankawayabwa. Makinawo anawagula kufakitale ina imene inkatsekedwa, ali dzimbiri lokhalokha. Anawapala, anawathira oyilo, anawapaka penti yobiriwira. Anasintha lamba. Anasintha mota. Anaika nyale. Chinthu choyamba kusema chinali chogwirira chatsopano cha makina omwewo. Chachiwiri chinali poikira nyale ya makina omwewo.

"Nanga kanga kaja?" ankafunsa amayi.

"Pang'ono, mayi. Tebulo likadali lokhwepa."

Mvula inagwa mpaka inatha, tebulo likadali lokhwepa.

Tsiku lina mwana uja anabwera, n'kuima pakhomo la galaja manja ali m'chiuno. "Ababa, makina anu ali ndi nyale, amayi dzuwa akulionera pagalasi. Loweruka ndibwera ndi galimoto kudzawatenga. Kwathu makomo ndi aakulu."

Amayi anamva zonse ali m'chipinda. Anayang'ana khoma limene anasankha okha penti yake, ndi mtengo wa mandimu umene anabzala miyendo ikadali yawo. Kwa mkamwini akanakasamalidwa bwino, inde, ngati mbale ya m'kabati. Mwanayo atangochoka anaitana amuna awo.

"Ndinyamuleni. Ndikaone mkazi mnzangayo."

Adalaivala anadabwa, koma anawanyamula n'kukawakhazika pabokosi lathabwa pafupi ndi makinawo. M'galajamo munkanunkha oyilo, ndipo pansi panali tiziduswa tachitsulo tonyezimira.

"Ndionetseni kukhwepako."

Bambowo anapotoza chogwirira kupita kutsogolo, tebulo linayenda. Anachibweza m'mbuyo, ndipo chinayamba chazungulira pachabe pang'ono tebulo lisanasunthe. "Mwaona? Pamenepa ndi pamene muyeso umasokonekera."

"Nanga a kufakitale aja ankasema bwanji zaka zonsezo?"

"Aa, pali kachitidwe kake. Ukafuna kubwerera, umabwerera mopitirira, kenaka n'kubweranso kuchokera mbali imodzi yomweyo nthawi zonse. Ukatero kukhwepako sikukupweteka."

"Ndiye njira mukuidziwa."

Bambowo anatenga kansanza n'kumapukuta pamalo popukutidwa kale. Kachitsulo kothyoka kaja kanali pashelefu, pambali pake pali chitsulo chatsopano cholembedwa kale mizere yonse, chosakhudzidwa ndi mpeni.

"Tsiku munagwa lija ndinkakankha ndine," anatero potsiriza. "Chogwirira chikalakwika ndimataya. Koma ichi chidzanyamula inuyo."

Amayi anawayang'ana, mtima n'kufewa, koma mawu sanawafewetse. "Ndinagwa, ndinachira. Mawondo anga okhwepawa simunawataye, anu omwe akulira ngati chitseko ine sindinawataye. Ndikagwanso ndigwere pakhomo panga. Yatsani makinawo, bambo a mwana. Sindichoka pabokosi pano."

Anayatsa. Mpeni unalira, tiziduswa tinauluka. Nthawi iliyonse bambowo akati abweze chogwirira, amayi ankati, "Mopitirira, Adalaivala, musaimike basi pakati pa msewu." Kachitsulo koyamba bowo linapita pambali. Bambowo anafuna kuzimitsa, koma amayi anangoloza chitsulo chotsala. Kachiwiri kanatuluka ndi mikwingwirima m'mbali, kosasalala ngati ka m'sitolo, koma kanalowa pamalo pake kuti thi.

Adalaivala anakhala m'chikukumo okha, n'kudzitsitsa pasitepe ija kangapo, mpaka anansi anayamba kusuzumira pampanda. Tayala silinagwedezeke.

Loweruka mwana uja atafika ndi sutukesi yolongedzera katundu, anapeza amayi ake ali m'chikuku pansi pa mtengo wa mandimu, akulamula bambo ake nthambi zoti adule. Anagwada n'kuyang'ana kachitsuloko.

"Koma ndiye n'konyansa, ababa."

"Ngati bambo akowo," anatero amayi. "Koma kakugwira. Sutukesi yako bwerera nayo, ine ndili ndi mandimu oti ndithyole."

Chitseko cha galaja chija mpaka lero sichinabwezeretsedwe, ati akufuna asemere mahinjesi abwino.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, chonde chitani bwino kuposa Adalaivala. Konzani makina anu, apakeni penti ngati mukufuna, koma yambani mwasuzumira m'nyumba kuti muone amene akudikira pawindo.