Chimbale Chotsiriza cha a Paboda

Makina analavulanso chimbale. Anatulutsa kalilime kawo kakuda pang'onopang'ono, mwamwano, ngati mwana wokana mankhwala.

"Ika china," anatero Kondakitala.

"Achemwali, n'chimodzimodzi," anayankha Mzime, mlongo wake wamng'ono, atagwada pakati pa makatoni. "Mulu wonsewu ndi mtundu umodzi. Wogulitsa uja analumbira kuti chimbale ndi chimbale basi."

"Akanaleka bwanji kulumbira, ataona mbuzi yadzibweretsa yokha?"

Panali patangopita masiku ochepa chiwaikireni bambo awo m'manda. A Paboda! Dzinali silinali lobadwa nalo. Analipata chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayamba ndi mawu akuti, "Tsiku lina pa boda..." Anayamba ndi kusenza matumba a eni ake, n'kuphunzira chiwongolero mozemba, n'kudzagula lole yawoyawo, n'kuiyendetsa m'misewu imene ngakhale mapu amachita nayo mantha. Mwana wawo woyamba ankakwera nawo akadali kamtsikana, n'chifukwa chake mpaka lero, imvi zitayamba kale kumuyendera, anthu ankamutchabe Kondakitala.

Pa maulendowo a Paboda ankadzijambula mawu m'makaseti, dzanja limodzi lili pa chiwongolero. Makasetiwo anadzaza katoni. Koma tsopano anali atachita nkhungu, mawu akukokeka ngati a munthu woledzera, ena akuduka pakati. Makina ojambulira zimbalewa anawagula kuti apulumutse nkhanizo, ndipo ankawanyadira kuposa mmene ankanyadira ana awo.

"Awa si makina wamba," ankauza aliyense wolowa m'nyumbamo. "Sadya zilizonse. Zimbale zotchipa za kompyutazi amangozinunkhiza n'kulavula. Amafuna zawozawo, zolembedwa pamwamba kuti n'za nyimbo. Chimodzi chokha, mtengo wake ugula mulu wa zinazo! Ndi mabwana awa, anatengera mwini wake."

Ana ankangoti "ee, bambo," maso ali pa foni. Ndiye lero Mzime anali atagwada ndi mulu wa zotchipa zomwezo.

Zimbale zochepa zimene anamaliza kujambula, a Paboda anazigawa zonse: china kwa dokotala, china kwa wometa, china kwa mlendo amene anangoima kudzafunsa njira. Pakhomo sanasiye n'chimodzi chomwe. Ankati a pakhomo ali ndi mwini mawu, chimbale n'chachiyani?

M'mawa wonse Kondakitala anali atazungulira masitolo kusaka zimbale za nyimbo zija mpaka nsapato kumudya zidendene. Kulikonse yankho linali limodzi: zimenezo zinatha kalekale, mayi. Wina yekha ndiye anati angathe kuitanitsa kunja, koma atatchula mtengo ndi nthawi yodikira, Kondakitala anangoseka kuseka kopanda mano n'kutuluka.

Bambo aang'ono analowa osagogoda, makiyi akulira m'manja.

"Mwamaliza? Wogula katundu wa m'nyumba muno uja wanyamuka kale, akubwera."

"Bambo aang'ono, atenge mipando ndi kabati. Makinawa asiyeni."

"Mipando iyi, yolasa anthu ndi masipuling'i? Mwana wanga, munthuyo wavomera zonsezi chifukwa cha makinawo ndi wailesi ya makasetiyo. Ndalama zake munaziona nonse, ndi bokosi lija anthu ankalisirira kumanda. Mkulu wanga ankafuna kupita mwaulemu, ndipo wapita mwaulemu. Mwini nyumba akufuna makiyi mawa. Mayi ako akupita kuchipinda chako chimodzi chija. Tsono makinawa akagona pati, pamutu pako?"

Kondakitala anayang'ana makinawo. Chowawa chinali chakuti m'mawu onsewo munalibe bodza.

Mayi awo anali pawindo, akupinda malaya a malemu. Anaika malaya pambali, nalowa kuchipinda. Potuluka anali atanyamula chimbale chimodzi m'kabokosi kake.

"Chatsala ichi. Ankachisunga ngati dzira."

Mzime anachilandira ndi manja awiri. Makina anachimeza, anang'ung'udza pang'ono, n'kukhala chete. Sanalavule.

"Chalowa!" anafuula Mzime, n'kuyamba kusanthula m'katoni. "Tiike nkhani ya mlatho wokokoloka ija."

"Ayi, ya msilikali amene anawapempha kuti amuphunzitse kuvina."

"Imeneyo inali yabodza, achemwali."

"Nanga ya mlatho inali yoona?"

Koma Kondakitala atayang'anitsitsa pa kagalasi ka makinawo, anaona kuti sikakusonyeza chimbale chopanda kanthu. Munali kale mawu, pang'ono chabe, koyambirira. Anadina batani.

Kunamveka mpando ukukokedwa, kenaka kupuma kolemera. Anali mawu a m'masabata otsiriza aja, opyapyala, koma akuyesetsabe kudzitukumula.

"Ee. Tsiku lina pa boda. Ine, ine ndemwe, ndinagona pansi pa lole, mvula ikukhuthuka, akuba akuzungulira ndi zikwanje..." Chifuwa chinawadula. Anapuma. "Mayi a Kondakitala! Kodi kuja kunali pa boda iti?"

Chapatali, pakati pa phokoso la mbale, kunamveka mawu a mayi: "Boda yanji? Panali pabwalo pompano. Ndinakutsekerani kunja mutabwera muli dzandidzandi."

Kenaka a Paboda anaphulika nako kuseka, kuseka kwawo kwakale kuja kogwedeza mawindo, kukusakanikirana ndi chifuwa, akumenya tebulo ndi chikhatho. "Aa, mkazi uyu! Zimitsa, iwe Paboda, zimitsa, chimbale n'chodula ichi!"

Mawu anathera pomwepo.

Palibe anayang'ana mnzake. Bambo aang'ono anali atasiya kuliza makiyi. Panja galimoto inaima, hutala n'kulira kawiri.

"Chimenecho sichinatsekedwe," anatero mayi, maso ali pansi. "Ankati chimbale chosatseka chimangoyimba m'makina ake okhawa. Ukachitseka chimayimba paliponse, koma sichilandiranso mawu ena."

"Ndiye malo onsewa atayike?" anadandaula Mzime. "Tiikepo kaye kaseti imodzi yokha."

"Kaseti imajambulika pa liwiro lake lomwelo," anayankha Kondakitala. "Bambo amalize nkhani munthu akudikira panja? Unawaonapo akufulumira?"

Anthu a wogula uja anali atalowa kale, akutulutsa mipando, wina akukulunga chingwe cha wailesi ya makaseti. Kondakitala anayang'ana katoni ija. Munali misewu yonse ya bambo ake, milatho, asilikali, mabodza ndi zoona, zonse zikudyedwa ndi nkhungu, ndipo pofika madzulo sipakanatsala ngakhale choziyimbira. Anatambasula dzanja nadina batani lotsekera chimbale.

Makina anayamba kung'ung'udza, kanyali kofiira kakuphethira. Sanali pachangu.

"Madala, izinso tinyamule?" anafunsa mmodzi wa onyamulawo.

Hutala inaliranso, motalika. Bambo aang'ono anausa moyo, nawerama kuti azule pulagi kukhoma. Asanaikhudze, dzanja la mayi linawagwira pamkono. Silinali lamphamvu, koma silinasunthe.

"Alamu, dikirani," anatero mayi chapansipansi. "Mkulu wanu ali moyo palibe anakwanitsapo kumudula mawu. Musayambe lero."

Bambo aang'ono anawongoka pang'onopang'ono, navula chipewa. Onse anaima m'chipinda chopanda mipandocho, akudikira kuti kanyali kaja kasiye kuphethira.