Jekete la Lipenga Loyamba

Chaka chimene nkhondo inatenga azungu oimba malipenga kumgodi wa Shabani, dona woyendetsa gulu la zoimbaimba anatsikira kukomboni kudzabwereka anthu. Mavayolini anali nawo, piyano inalipo, koma konsati ya Khirisimasi sikanatheka popanda lipenga. Anasankha Elifas, mwamuna wa Noria, kuti aimbe lipenga loyamba, ndipo Feliciano wa ku Tete azimuthandizira ndi lipenga lachiwiri.

Noria nyimbozo analibe nazo ntchito. Zinalibe mawu, zinalibenso povinira. Chimene ankadziwa n'chakuti wa lipenga loyamba amachotsedwa kuchigayo cha mgodi, kumene fumbi loyera limadya zifuwa za amuna, n'kupatsidwa ntchito yothirira maluwa kukalabu. Kwa iye nyimbo inali imeneyo basi.

Koma fumbi linali litalowa kale. M'nyimbo yomaliza munali malo pomwe mavayolini onse amakhala chete, lipenga n'kukoka liwu limodzi lalitali lokhalokha. Akamayeserera kunyumba, Elifas ankafika pakati, mpweya n'kuthera panjira, chifuwa n'kuyamba. Noria anayesa uchi, anayesa mandimu, anamufukiza masamba a bulugamu mpaka bulangete linanunkha. Ayi ndithu.

Choncho anabereka mwana wake Spiwe n'kupita kwa Feliciano, mwamuna wake osadziwa.

"Alamu, pakafika pajapa muloweponi inu. Awo angogwira lipenga pakamwa."

Feliciano anaseka, nati azungu sasiyanitsa ngakhale nkhope zathu, nanji malipenga. Anavomera.

Loweruka masana akazi a kukomboni anaima kunja kwa holo, m'mawindo, mvula ikuwaza. Noria ankaona msana wa mwamuna wake m'jekete lofiira limene iye mwini analisita. Mavayolini anakhala chete. Liwu lija linatuluka, losalala, losanjenjemera, linapita n'kupitabe mpaka Spiwe anasiya kuyamwa. Azungu anaomba m'manja. Noria anapumira m'mwamba, kenako anayang'ana dona. Maso a dona sanali pa Elifas. Nkhope mwina sankazisiyanitsa, koma makutu anali nawo.

Lolemba m'mawa kapitawo anafika pakhomo ndi mawu awiri: Elifas abwerere kuchigayo, ndipo jeketelo, popeza Noria ndiye amasokera gulu lonse, alichepetse kuti limukwane Feliciano.

Elifas anakhala pampando nthawi yaitali akumanga nsapato imodzi.

"Mnyamata uja sangalowepo yekha. Anamutuma ndani?"

Noria anaviika kansalu m'madzi n'kukafinya.

"Mangani aka pakamwa, bambo a Spiwe. Kakauma mukanyowetsenso."

Elifas anakalandira osamuyang'ana. Noria anamva chifuwa chija chikutsika ndi msewu mpaka wezulo wa mgodi anachimeza. Kenako anayala jekete pamphasa n'kutenga lumo. Feliciano anali wamfupi mikono, panali zambiri zoti adule.