Shiguru wa a Luwayo

A Luwayo, mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Perth, ankadana ndi mankhwala azitsamba kuposa mmene ankadanirana ndi mowa. Munthu akangotchula muzu kapena khungwa, iwo ankati watsegulira Satana chitseko. Koma mawondo awo sankamva ulaliki. Ntchito yawo ku Welshpool inali yonyamula makatoni tsiku lonse, ndipo pofika kunyumba ankayenda ngati bakha. Dokotala anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti achepetse nyama ndi shuga. Mapiritsiwo ankamwa, koma zinazo ankati dokotalayo akadali mwana.

Akazi awo, Mayi Ennie, ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Midland. Kumeneko ankagwirizana kwambiri ndi Meenakshi, mtsikana wa ku India amene ankabwera Loweruka lokha. Masiku enawo ankakhala pa yunivesite ku Bentley, kufufuza za zitsamba zimene asing'anga a mitundu ya kumapiri kwawo amachizira anthu. Tsiku lina akumwa tiyi, Meenakshi anawaonetsa chithunzi cha mtengo pafoni.

"Uwu mabuku akale a kwathu amautcha shiguru. Agogo ena kumapiri anandiuza kuti masamba ake amamwetsa odwala mafupa."

Mayi Ennie anayang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka tiyi kutayikira pa yunifolomu. "Iwe, uwutu ndi cham'mwamba! Kwathu ngakhale mbuzi zimadya."

Ufa wa cham'mwamba womwewo anali atawagulirapo amuna awo, iwo n'kuutaya m'bini uku akudzudzula mizimu yoipa. Ndiye Mayi Ennie anapempha Meenakshi kuti awalembere kapepala kokhala ndi dzina lachimwenye lija, lina lachilatini, ndi zilembo zopindikapindika za kwawo.

"Komatu ine si dokotala," anatero Meenakshi. "Asasiye mapiritsi."

"Usadandaule, mwanawe. Ingolemba."

Lamulungu m'mawa botolo la ufa wa cham'mwamba linaima patebulo, kapepala katamatidwa bwinobwino. A Luwayo anavala magalasi.

"Ichi n'chiyani, mayi a Natalie?"

"Za ku yunivesite izi, bambo. Sayansi ya ku India. Koma akuti zili ndi malamulo: nyama yonona ayi, shuga ayi, ndipo madzulo alionse muziyenda mpaka kupaki ndi kubwerera."

Malamulowo anali atawapeka okha ali m'sitima yochokera ku Midland. A Luwayo anawasunga ngati Malamulo Khumi. Patatha miyezi iwiri lamba anayamba kukhwepa, ndipo masitepe a kutchalitchi ankakwera osagwira khoma. Kaya unali ufawo, kaya mapiritsi, kaya soseji amene anasiya, Mayi Ennie sanafune kudziwa.

Vuto linali lakuti a Luwayo sankatha kusunga chabwino m'kamwa. Anachitira umboni mu mpingo, akusiyanitsa sayansi ya shiguru ndi zitsamba za mdima, ndipo anaitana Meenakshi ku chakudya cha masana cha kutchalitchi kuti abale amuone. Mayi Ennie anayesa kunena kuti mtsikanayo ndi wotanganidwa, koma sizinathandize.

Meenakshi anabwera, ndipo mwaulemu wake ananyamula mphatso: kamtengo kobiriwira kamene kanamera m'chitini. A Luwayo anakalandira ndi manja awiri. Kumwetulira kunayamba kuzima pang'onopang'ono. Anathyola tsamba, n'kulinunkhiza. Munthu wokulira ku Chikwawa sangasokoneze sangowa, monga amautchulira mtengowo kuchigwa kumeneko, ndi mtengo wina uliwonse. Ndi umene unali mpanda wa khola la mbuzi la mayi awo.

A Musonda, mnzawo wa ku Zambia, anasuzumira m'chitinimo. "Ah, ba Luwayo, iyi ni moringa chabe! Pa Chipata ili mbwee."

"Nanga nkhani yoti mankhwalawa amadana ndi nyama?" a Luwayo anafunsa Meenakshi, mawu ali pansi.

"Nyama? Ine sindinanenepo za nyama."

Anthu onse anatembenukira kwa Mayi Ennie, amene mwadzidzidzi anatanganidwa kwambiri ndi kugawa saladi.

M'galimoto pobwerera, atafika pa maloboti achitatu, a Luwayo anatsegula pakamwa.

"Mayi a Natalie, miyezi iwiri mwakhala mukundimwetsa mpanda wa amayi."

"Nanga mawondo ali bwanji, bambo?"

A Luwayo atafika kunyumba anatenga fosholo, nakumba dzenje kuseri kwa galaja, kumene alendo a mpingo safikako. Akukwirira kamtengoko anayankhula osatukula mutu.

"Masamba akachuluka muzidzathira nsinjiro, musamawononge ndi madzi otentha. Izi ndi ndiwo."